Mtengo wa Chitsulo Chopuma Pantchito

Lolemba, mvula ya ku Alabama ikugogoda malata,
tatsegula bokosi lina lochokera kwa asilikali.
Fungo la girizi wakale latilonjera kaye,
kenako timfuti ta m'manja, tagona mizeremizere
m'mapepala ofiirira, ngati ana a sukulu yogonera konko.

Ntchito yanga n'kuwerenga zipsera.
Ndimaunika mumpope ndi katochi,
ndimapala dzimbiri ndi chikhadabo,
ndikalemba pakapepala: gulu loyamba, lachiwiri, lachitatu.
Ka gulu loyamba, madola chikwi ndi mazana awiri.
Kozilala, kogwedera ngati dzino la nkhalamba,
chotsanipo mazana atatu.
Boma linakagula pa mtengo wa nsapato zabwino,
koma limenelo ndi kale, mayi anga asanabadwe.

Ogula achuluka kuposa mfuti.
Amadzaza mafomu, amalumbira kuti sanapalamulepo,
amadikira maere monga mlimi adikira mitambo.
Ambiri sadzawombera ngakhale chitini.
Akufuna kokapachika m'kabati ya galasi,
kokapukuta Lamulungu akaweruka ku tchalitchi,
kokaonetsa mlamu akabwera kudzacheza.

Bambo Delbert Kuykendall a ku Ohio
amaimba foni Lachitatu lililonse.
Dzina lawo lili kuseri kwa anthu zikwi zinayi.
Iwo safunsa mtengo.
Amanditchulira manambala asanu ndi awiri
amene bambo awo analemba kuchikuto cha Baibulo
atabwerako ku Korea, zala zitatu zitadyedwa ndi chisanu.
"Mayi Pettway, mwakaonako?"
Ndimati, kuno sitisankha, bambo,
chagwa m'dzanja ndicho chimapita.
Amati, ndikudziwa. Amatsokomola nthawi yaitali.
Amati, tilankhulane Lachitatu.

Lero ndamasula zogwirira za kamfuti kena,
ndipo pansi pa kathabwa kakumanzere
kagwa kapepala kopinda kanayi, konona ndi mafuta.
Inki yambiri inasungunuka. Kwatsala izi zokha:
"Odessa, ng'ombe ija usagulitse,
ndifika chimanga chisanache."
Palibe dzina, palibe tsiku.

Ndathamangira nambala ya pachitsulo.
Si ya a Delbert. Ndawerenga kawiri, magalasi ndapukuta,
yasiyana manambala atatu akumapeto.

Thurman, wa patebulo loyandikana nane,
wasuzumira, khofi ali m'manja.
"Zoterezi ku okushoni zimawirikiza mtengo," akutero,
"anthu amagula nkhani, chitsulo ndi basela."
Mwina akunena zoona.
Koma fomu yanga ili ndi mzere wa mpope,
mzere wa dzimbiri, mzere wa chaka ndi fakitale.
Mzere wa Odessa palibe.
Ng'ombe ija ndiilembe pati?
Kaya anagulitsa, kaya inafa ndi ukalamba m'khola
ikumva mapazi a aliyense wodutsa pamsewu.
Kaya mwamuna uja anafika, n'kuiwala kuti analembapo kanthu,
n'kudya, n'kukalamba, n'kumakangana ndi mkazi wake za mchere.
Ndikufuna zikhale choncho.

Ndapindanso kapepala momwe kanapindikira,
ndakabwezera pansi pa thabwa,
ndamanga masikuluu onse awiri, osalimbitsa kwambiri.
Pakhadi ndalemba: gulu lachiwiri,
madola chikwi ndi zana limodzi.
Kadzapita kwa amene maere amugwera,
dokotala wa mano ku Idaho, kapena woyendetsa thiraki ku Maine.
Mwina adzamasula tsiku lina kukugwa chipale,
mwina sadzamasula n'komwe,
ndipo Odessa adzakhala m'kabati ya galasi
akuuzidwabe kuti adikire.

Mvula yakata. Thurman akukhomola bokosi lotsatira.
M'menemo muli makumi asanu ena,
ndipo mawa lake la mawa ndi Lachitatu.
Manambala a bambo aja ndinawaloweza kalekale,
milomo yanga imawatchula yokha
ndikamatembenuza chitsulo chilichonse kuti chione nyali.