Kalata ya ku Khonsolo

Chaka chonse ana a Fomu Wanu
ankandilembera mawu amodzimodzi:
msika wa Mbare ndi wabwino,
mtengo ndi wokongola, mvula inagwa kwambiri.
Cholembera changa chofiira chinatha inki
ndikufunsa m'mphepete mwa makope: wabwino motani?

Ndiye paipi inaphulika kuseri kwa zimbudzi za anyamata,
Okutobala ali pakati,
Mufakose yense ali pamzere ndi zigubu,
ife madzi athu akungothawira m'ngalande.

Ndinati, tsekani mabuku.
Munthu wa ku khonsolo sanapondepo pano.
Mulembereni kuti afike pamalopo
osafunsa njira kwa munthu,
adziwiretu ndi chitsulo choti anyamule.

Anatuluka ngati njuchi zogendedwa.
Kudzanai anayeza ndi miyendo:
mapazi makumi awiri ndi atatu
kuchokera pa jakaranda wopindika uja.
Mazvita anakana: mapazi a yani? Akowo ndi mabwato.
Anakangana mpaka wina anathamangira rula.

Asiyatu, amene m'kalasi sitimumva mawu,
anagwada, khutu pansi,
nati, sakulira ngati mpopi ayi,
akusisima ngati mwana wotopa ndi kulira.
Tinalemba momwemo.

Dothi lofiira lasanduka phala.
Fungo ndi la dzimbiri,
ngati ndalama yachitsulo yokhalitsa m'dzanja.
Mng'alu kutalika kwake chala chamkombaphala.
Bwalo lonse lauma gwaa,
udzu wobiriwira uli pokhapo.

Panashe anafuna kuikamo "zomvetsa chisoni kwambiri."
Anzake anafufuta okha.
Akadzaona, anatero, chisonicho chidzamupeza chokha.

Kalata inapita Lachinayi, pa kombi.
Masabata awiri, zii.
Sindinganame kuti anafulumira.
Koma anabwera, bambo wa ovolosi yothimbirira,
pepala lathu ali nalo m'manja,
nayamba kuwerenga kuchokera pa jakaranda,
milomo ikugwedera,
naima penipeni.

Ana onse anali pawindo.
Sindinawabweze.

Dzulo ndinawapatsanso mutu wakale uja, msika wa Mbare.
Asiyatu walemba za mayi wa tomato
amene amasunga chenji m'sokosi yakumanzere
ndipo amayamba wayang'ana kumwamba asanawerame.
Ndawerenga kawiri, nditaimirira.
Cholembera chofiira chili m'kabati,
sindinagule inki ina.