Mpunga wa pa Mtayamoyo

Anabwera mwera ukuluma makutu,
a Meng, aja amayeza kuya kwa Shire ndi chingwe.
Lero analibe chingwe kapena kabuku,
anangofungatira poto wokutira ndi thaulo.
"Tchale, undifikitse pakati pokha. Kutsidya sindipita."

Zaka khumi ndi zinayi ndikuwolotsa anthu, mbuzi ndi njinga,
wogula theka la mtsinje ndinali ndisanamuone.

Kwawo, akuti, ino ndi nyengo ya thukuta,
tsiku lachisanu la mwezi wachisanu,
powerenga mwezi wakumwamba, osati wapakhoma.
Zinkhanira zimatuluka, malungo amayenda ndi anthu,
ndiye amapachika zitsamba zonunkha pakhomo
ndi kumanga ana ulusi wa mitundu isanu padzanja.
Ankanena zimenezi mano akugogoda,
ali m'juzi ya kaunjika ya ku Bangula.

Tinadutsa namasupuni. Ndinazemba pogona mvuu.

Kalekale, anatero, kunali nduna ina
imene inkauza mfumu zoona zosasenda.
Anzake anaidyera miseche, mfumu inaipirikitsa.
Itamva kuti mzinda wagwa m'manja mwa adani
inakumbatira mwala
nilowa m'madzi.
Asodzi anakankha mabwato onse,
ng'oma zikulira, nkhafi zikumenya mtsinje
kuti nsomba zibalalike.
Amayi anaponya mpunga
kuti zimene zakana kuthawa zikhute, zisiye thupi.

"Anaipeza?"
"Ayi. Zaka zikwi ziwiri, tikupalasabe."

Anandionetsa pafoni yosweka galasi:
mabwato aatali ngati lole ya nzimbe ya ku Nchalo,
kutsogolo mutu wa chinjoka cha nyanga ndi ndevu,
anyamata makumi awiri akukumba madzi pamodzi.
"Uyu ndi Napolo," ndinatero.
"Ife timamuthawira kumtunda ndi mphasa kumutu,
inu mwamupaka utoto, mwamukwera pamsana?"
Anaseka mpaka bwato linapendama.

Kenaka anavundukula poto.
Timitolo ta ngodya zinayi, nthunzi ikufuka,
mpunga womata, m'kati nyemba ndi kanyama ka nkhumba.
Kwawo amakulunga m'masamba a nsungwi.
Kuno anasowa, anapepesa,
anakulunga m'masamba a nthochi.

Nthochi.

Nkhafi inalemera m'manja.

Madzi anafika ku Makhanga usiku, agalu asanauwe.
Mng'ono wanga Fatchi anakweza ana ake mumtengo wa mango
nabwerera kukamasula ng'ombe.
Masiku asanu ndi limodzi tinafufuza m'mabango,
ine, bwato lomweli, nkhafi yomweyi.
Ng'oma tinalibe, tinkangoitana dzina mpaka mawu anatha.
Mpunga woponya tikanautenga kuti,
ife tikudya nyika zowawa za m'dambo?
Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinadula thunthu la nthochi,
tinalikulunga m'nsalu yoyera,
tinalikwirira.
Abusa analiwerengera vesi.

Sindinawauze a Meng.
Chizungu changa n'cha mitengo ya ulendo,
Chichewa chawo n'cha moni ndi mamita.

Anamasula kamtolo kamodzi, nanong'ona za kwawo,
naponya.
Anandipatsa kena. "Idya, kakadali kotentha."
Ndinaluma. Kanakakamira m'kamwa ngati mawu osanenedwa.
Theka lotsala ndinalitsitsa pambali pa bwato,
pang'onopang'ono, monga umapatsira wodwala,
ndipo china chake pansipo, mlamba kapena chiyani,
chinagwedeza madzi kamodzi.

Idyani, inu a pansi.
Mwachedwa kulandira, ndikudziwa.

A Meng anandiyang'ana, sanafunse.
Anatulutsa ulusi m'thumba la malaya,
wofiira, wachikasu, woyera, wakuda, wobiriwira.
"Uli ndi mwana?"
"Atatu anga. Awiri a mng'ono wanga."
Anaudula ndi mano kasanu.

Kugombe anthu anali atayamba kale kukuwa,
mayi wa matumba a makala akundiloza ndi ambulera,
wa njinga akuliza belu ngati ine ndine msewu.
Ndinatembenuza bwato.
Tsamba la nthochi linatitsata pang'ono,
kenaka linalowera kwa Nsanje.