Muuni wa Shama

Magetsi anazima tikutseka shopu ya zitsulo ku Limbe,
mphepo ya Julaye ikutilowa m'mafupa.
Shama, amene amawerenga mabawuti tsiku lonse osatsegula pakamwa,
anandikoka malaya:
ndipezere mapesi, ouma kwambiri.

Mapesi m'tauni?
Ndinakawapempha kwa mayi wina wolima kuseri kwa njanji.
Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu,
koma ndalama analandira.

Kuseri kwa nyumba yosungiramo simenti
Shama anamanga mtolo ndi waya,
wautali kumuposa mwiniwake.
Chichewa chake n'chophwanyika ngati mbale yogwa pathandala,
ine ndinkangotola zidutswa:
kwawo, kumapiri a anthu a mtundu wa Yi,
lero ndi usiku wa miuni.
Masiku atatu osagona.
Nkhunzi zimagundana, anyamata amagwetsana m'fumbi,
atsikana amayenda ndi maambulera achikasu,
ndipo kukada mudzi wonse umatsikira kuminda
moto uli m'manja,
kukapirikitsa tizilombo, matenda,
ndi zina zimene sanadziwe dzina lake m'chinenero chathu.

Ntchemberezandonda nazonso? anafunsa a Namakhwa, alonda athu.
Mukanabwera mu Januwale kwathu ku Chiradzulu,
bwenzi chaka chino ndili ndi nkhokwe.

Machesi atatu anakana.
Wachinayi anavomera.

Munda panalibe.
Anazungulira malata, mapaipi, mawilibala ogonekedwa chafufumimba,
akung'ung'udza nyimbo yopapatiza ngati ulusi,
mthunzi wake ukukwera mpanda n'kugwera kwa aneba
kumene galu anayamba kulalata.
Kenako anaika njerwa zitatu pansi
n'kugoneka chotsala cha muuni pakati.

Mafuwa, ndinatero.
Ma-fu-wa, anabwereza, n'kukweza zala zitatu:
kwa amayi akenso ndi atatu.
A Namakhwa atafuna kudumphapo kuti akatenge tochi yawo
anawagwira bondo.
Moto saudumpha, bambo. Amauzungulira.
Nkhalamba inazungulira, ikuseka,
koma chipewa inavula.

Foni yake inalira kamodzi,
nkhope ya kamtsikana yothimbirira ndi utsi wa kutali
inaonekera, n'kuuma, n'kuzimirira.
Netiweki.

Ndi pamene anatukula maso.
Paphiri la Mpingwe mzere wofiira unkakwawa
ngati linthumbu losamuka.
Anandigwira mkono mpaka kuwawa:
taona, akuyankha!

Ndinkadziwa kuti ndi anyamata osaka mbewa,
omwe aja timawatukwana chaka ndi chaka.
Mawu anafika pammero.
Ndinawameza.
Eya, ndinatero, akuyankha.

Magetsi anabwera cha m'ma naini
n'kutipeza amuna atatu titanjuta pa phulusa
tikuphethira ngati akuba.

M'mawa Shama anabwerera ku mabawuti ake, duu.
Koma risiti iliyonse imene analemba tsiku limenelo
inatuluka m'shopu
ndi chidindo chakuda cha chala chake chachikulu.