Katoni Yaoloka pa Mtayamoyo

Katoniyo ndinaiolotsa ndine,
Lachinayi, dzuwa likusenda khungu pa Mtayamoyo.
Ndinaikhazika pakati pa thumba la mchewere ndi njinga ya mphunzitsi,
ndinailipiritsa ngati munthu
popeza inkalemera ngati munthu.
Sindinkadziwa kuti muli mlongo wanga.

Mabuku makumi awiri, onse nkhope imodzi:
mwezi wobiriwira, pansi pake mzinda wa magalasi.
M'katimo nkhani khumi ndi zinayi za zaka zimene sizinafike.
Yachisanu ndi chiwiri ndi ya Felesiya,
Felesiya wa kwa Dinyero, uja ankatsinzina tikamaoloka.
Akuti bukuli lapata mphoto kutsidya kwa nyanja yamchere,
anthu a majekete anaimirira n'kuliombera m'manja
m'nyumba yozizira ngati filiji ya katemera.

Kuno linatipeza thukuta lili kamukamu.

Abusa Thole anawerenga masamba atatu,
anakumana ndi makina olankhula ndi akufa, n'kutseka.
"Izi kwathu kuno zili ndi dzina lake."
Koma bukulo sanabweze.
Mai Nsingano a pamsika wa Bangula anafunsa mtengo,
ataumva anaseka mpaka makakana anagwa pabenchi:
"Ndiye milamba ingati imeneyo?"
Wa pawailesi analakwitsa dzina lake kawiri.
Ana a sekondale ya ku Makhanga amagona nalo mosinthana,
aliyense usiku umodzi,
limabwerera likununkha utsi,
tsamba lina atalipinda pangodya
pomwe awiri agwirana manja kuseri kwa nyenyezi.

Ine Chingerezi changa n'cha sitandade seveni.
Ndinkawerenga masana, okwera akasowa,
bwato nditalimangirira pabango,
chala chikutsogola, mlomo ukutsatira.
Masabata atatu.

Akuti zaka mazana awiri m'tsogolomu
madzi ameza mudzi.
Anthu akukhala padenga la sukulu,
amawerengana m'mawa uliwonse.
Mayi wamangirira mwana kumtanda ndi chitenje.
Kumwamba zouluka zikuzungulira, zikujambula,
sizitera.

Kuchikuto kwa buku munthu wophunzira walembapo:
"Nzeru zodabwitsa! Ndani akanalota dziko lotere?"

Ndinaliika pansi bukulo.
Denga limenelo ndimalidziwa.
Malata ake anandiwotcha mawondo masiku anayi.
Chitenjecho chinali cha amayi, chachikasu, chong'ambika kumphepete.
Wowerenga anthu m'mawa anali iyeyo, wa zaka khumi ndi ziwiri,
ndipo tsiku lachitatu anawerenga kawiri,
n'kuwerenganso,
chiwerengero chikukana.

Kumeneko akuti walota.
Kuno tikuti wangosintha chaka.

Bodza lake ndi limodzi lokha, lili kumapeto:
kukubwera woolotsa, wamtali, wa chipsera pachibwano ngati changachi,
bwato lake siligunda madzi,
silidzaza, silifunsa ndalama,
atenga onse ulendo umodzi,
ndipo akawerengana kutsidya
palibe wasowa.

Mphunzitsi wa njinga uja wandionetsa pafoni
kuti odziwa mabuku ena akudandaula pomwepo.
Akuti mapetowo atsekemera mopitirira,
akuti wolemba anachita mantha, anafewa mtima.
Mwina.
Iwo sanabwererepo kachisanu ndi bwato la anthu asanu ndi atatu
n'kupeza padenga pachepa anthu
osati chifukwa choti wawatenga.

Ine tsamba limenelo ndi lomwe latha ndi zala.

Dzulo ndinamuimbira ku Blantyre.
Ndinati, "Nkhafi sagwira choncho, iwe.
Munthu wakoyo angazungulire pamodzimodzi mpaka mawa."
Anaseka, kenako anakhala chete,
mayunitsi akutha tonse tikumva.

Bukulo ndalikulunga m'pepala la shuga,
lili pansi pa thabwa lomwe ndimakhalira.
Kutsidya wina akukuwa, wanyamula mbuzi.
Kumtunda kwa Thyolo kwada bii,
ndipo Ruo chaka chino wayamba msanga kulankhula.