Kaloko

Mawa ndege. Lero kuno ku Benga
sutikesi yayasama pa mkeka:
mpunga wa faya, usipa m'nyuzipepala,
nsinjiro za Asiyatu wanga wa ku Joni.

Alamu anga a Twaibu akuti, "Khomani!
Ku Lumbadzi katundu amayenda yekha,
mwini ali pamzere."
Mayi a kunyumba akuti, "Loko amaitana wakuba.
Asikali akakayika amangothyola,
mukafika zipi ili lende."

Kalokonso ndi ka pa okala,
koti mwana angatsegule ndi pini.

Ndakhoma. Ndatsegula. Ndakhomanso.
Tambala walira ndikadali chogwada.

Basi ndazenga mphira wa chubu cha njinga,
mfundo zitatu,
zija ndinamuphunzitsa Asiyatu
tikumanga matumba a makala.
Akakaziona, akadziwa ngati wina wagwirapo.