Kagalimoto ndi Chigalimoto ku Biwi

Pagalaja yanga pagona alendo awiri
amene anabadwa ine ndisanamere mano.

Kofiirako n'ka Mayi Elube Kachere,
namwino wopuma wa ku Chilinde.
Mipando iwiri basi, denga lansalu lazigamba.
Ukakhalamo, matako amanong'onezana ndi phula.
Ukakaliza kamatsokomola kawiri
kenako n'kulira ngati kambuzi
kamene kazindikira kuti chingwe chaduka.

Chakudacho ndi Benzi ya malemu a Chidothi
amene ankagula fodya ku Kanengo.
Kutalika kwake, mutu uli pampanda
mchira ukutsekereza njira ya oyandikana nawo.
Ukatseka chitseko chake
nyundo zonse za Biwi, owotcherera zitsulo,
anyamata oitanira matayala,
onse amangoti zii.
M'katimo mukununkhabe chikopa ndi ndudu za mwini wake.
Petulo chimamwa ngati mlamu paukwati.

Lachiwiri ndinaziyesa zonse pamsewu wa ku Mchesi.
Kakang'onoka sikabisa mawu:
dzenje lililonse kamakuuza ndi msana wako,
fumbi kamakudyetsa m'mano.
Koma pamene minibasi zinatsamwitsana pamlatho
kanadzipinda, n'kudutsa pakati pa akabaza,
ine n'kumva mtima ukuthamanga
ngati tsiku limene ndinaba njinga ya bambo.
Ana asukulu anandikuwiza. Ineyo, ndi ovolosi yanga yamafuta.

Chachikulucho maenje chimameza osatafuna.
Sichithamanga, chimadziwa kuti adikira.
Wapolisi wina anaongola msana ndisanafike,
ogulitsa nthochi anasuzumira mpando wakumbuyo
kufuna kuona bwana.
Woyendetsa sanamuone ndi mmodzi yemwe.

Mwana wa a Chidothi akuti ndichikonze msanga,
chizinyamula akwati Loweruka lililonse,
maluwa apulasitiki pamphumi.
Sindikudziwa ngati chidzavomera.

Mayi Kachere alibe changu.
Pampu yamafuta inafanso Lachitatu,
ina tikuidikira kuchokera ku Joni.
Amabwerabe madzulo, ndodo m'manja,
kutsikira pampando pang'onopang'ono, bondo likudandaula,
n'kugwira chiwongolero injini ili chete.
Amakhala choncho mphindi khumi.
Dzulo anandiuza kuti kale ankafika nako ku Dedza
tiyi wa m'fulasiki asanazizire,
ndipo mpando winawo sunkakhala wopanda munthu.
Dzina lake sanatchule.

Yotamu, mnyamata amene ndikumuphunzitsa sipanala,
anandifunsa tikusamba m'manja ndi palafini:
Bwana, atati musankhe?

Ndinayang'ana chimene chinganyamule banja langa lonse
ndi matumba atatu a makala,
ndinayang'ananso kamene sikanganyamule
ngakhale mkazi wanga ndi dengu lake.
Pansi pa Benzi nkhuku ya aneba inali itaikira dzira.

Ndinati tseka geti, kwada,
n'kupita kukaima pasiteji ya minibasi za ku Kawale.
M'thumba munali makiyi awiri.
Chala chinkangobwerera pa kakang'onoko.