Mapampu Awiri pa Kamwendo

Lufeyo anagulitsa soya yense wa chaka chino
nabwera ndi buloko ya injini pangolo,
itafundidwa chitenje chakale cha mkazi wake.
Akuti: Amisiri, pikapu yangayi
ikanyamuka pano pa Kamwendo
izikafika ku Mkanda fumbi lake lisanakhale pansi.

Masabata atatu ndagona nayo m'galaja.
Mapisitoni atsopano, hedi yokapalitsa ku Lilongwe,
kamushafuti ya mapewa otukuka.
Chatsala n'chimene palibe adzachione
tikadzatseka sampu.

Pathebulo pali mapampu awiri a oyilo.
Imodzi anakaitenga yekha ku Chipata,
m'bokosi lonyezimira, magiya ake ataliatali.
Wogulitsa anamuuza kuti imatunga kawiri kuposa zinzake,
ndipo Lufeyo mawu akuti kawiri
anayamba kuwakonda tili ku pulayimale.
Inayo ndi yotuwa, yawamba,
ndinaikulunga m'nyuzi ndekha.

Sindinakangane naye.
Ndinagoneka kaulusi kopimira pa kirankishafuti,
n'kumanga beyaring'i, n'kumasula.
Kaulusi kanaphwatalala ngati nsabwe pachikhadabo.
Ndati, ona.
Mpata uwu ndi wochepa kuposa tsitsi lako.
Oyilo wodutsa apa ndi wowerengeka.
Wotsalayo apita kuti?
Akankha sipuling'i, abwerera kumene wachokera,
azungulirenso, atenthe, achite thovu,
ndipo mphamvu yomuzunguza pachabeyo
ndi yomwe uja unagulitsira soya.

Iye maso ali pabokosi.

Ndiye ndinamukumbutsa za kudimba kwake, ku Bua,
chaka chija anataya thiredo
nagula pampu ya petulo yothirira maekala,
chitsime chili chofika m'chiuno.
Mphindi zisanu madzi anali mbwee m'mizere,
kenako paipi inayamba kukhosomola matope,
anyezi akuyandama, chitsime chili gwa.

Sampu iyi imalowa malita anayi basi.
Ukadzaponda moto pamsewu wa ku Kapiri
yaikuluyo idzakweza onse kumutu,
pansi n'kusiya mlomo wa paipi ukumwa mpweya.
Injini ikanoka sipereka moni.
Umangomva gogogo kamodzi,
kenako mbalame za m'tchire.

Ndiye ndalama zanga? anatero.
Ndinalibe yankho la ndalama.
Ndinatuma Esinati, mwana wanga wophunzira ntchito,
akatape dongo pachulu kuseri kwa chigayo.
Anaumba kampira, nakamata pasefa ya paipi,
tinavundikira sampu, tinavundukula.
Dongo linaphwanyika n'kutsala ngati chala chaching'ono:
osagunda pansi, osalendewera m'mwamba.
Esinati analemba nambala padzanja pake.
Magiya a yotuwayo tinawapaka girisi
kuti isadzayambe ntchito kukhosi kuli kouma.

Lachinayi dzuwa litapendeka tinaliza.
Anyamata a kabaza anasiya njinga zawo kudzaonerera.
Onse ankamvera kubangula.
Ine ndinali pa kasingano ka geji,
kamene kanagona, kanagona,
mtima wanga uli m'kamwa,
kenako kananyamuka ngati munthu wodzuka bwino
n'kuima pakati.
Injini itatentha kanatsikako pang'ono, osagwa.
Nditaponda, kanakwera limodzi ndi phazi langa.

Lufeyo sanathokoze, si khalidwe lake.
Anangofunsa ngati angathamange lero lomwe.
Ndati makilomita chikwi uziyenda ngati wanyamula mazira,
ubwere tidzakhetse oyilo, tidzaone ngati muli zonyezimira.
Anaseka, natuluka pageti mofatsa,
ndipo nditamva giya yachitatu kuseri kwa msika
ndinadziwa kuti mazirawo aiwalika.

Ya ku Chipata ija ili pashelefu mpaka lero,
yatsamira buku la ngongole.
Si yoipa ayi.
Ikudikira injini ya mipata yotakasuka, ya sampu yakuya,
yomwe ludzu lake n'lofanana nayo.
A Gomiwa akuti mvula ikatha abweretsa lole yawo.
Tidzayamba ndi kaulusi.